Giyabokosi ya otomatiki ikayamba kuvuta pa galimoto ya ntchito yolemetsa: poyambira pofufuza

Kumaiko ozizira monga Canada, kumpoto kwa America ndi pachilumba cha Hokkaido ku Japan, amamangirira chitsulo chachikulu kutsogolo kwa pikapu kapena lole kuti izikankha chipale chofewa m'misewu. Pa galimoto zimenezi giyabokosi ya otomatiki ndiyo imatopa msanga. Galimoto imayenda pang'onopang'ono ikukankha cholemera, imalowa D (giya yopita kutsogolo) ndi R (yobwerera m'mbuyo) kambirimbiri pa ola limodzi, ndipo chitsulo chija chimatchinga mphepo yopita ku rediyeta. Kuno ku Blantyre chipale kulibe, koma giyabokosi zathu zikuona zomwezo. Pikapu yadzaza mchenga kapena njerwa, ikukwera timisewu ta ku Bangwe, Soche kapena Chilomoni, kenaka ikafika pa puloti iyambe kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo kufuna potsitsira katundu, mwezi wake uli Okutobala. Zina mwa galimoto zakale zochokera kunja zimafika zitagwirapo kale ntchito ya chipale ija. Mudzazizindikira ndi mabowo kapena zitsulo zowotcherera kutsogolo kwa chasisi, mawaya odulidwa osapita kulikonse, ndi dzimbiri lambiri kunsi lobwera ndi mchere umene amathira m'misewu ya kumeneko.

Chimene chimapha giyabokosi zambiri zotere ndi kutentha. Pakati pa injini ndi giyabokosi pali torque converter, imene imapereka mphamvu kudzera mu oyilo. Galimoto ikamathamanga pamsewu wabwino, kakilatchi ka mkati mwake kamagwira, injini ndi giyabokosi zimazungulira limodzi, kutentha kumachepa. Koma ikamakwawa ndi katundu pachitunda, converter imangovundula oyilo, ndipo mphamvu yosafika ku matayala imasanduka kutentha. Oyilo amakhala bwino pa madigiri 80 mpaka 95. Akapyola 120 amayamba kupsa, timphira totseka oyilo timauma, ndipo akapitirira apo mapepala a makilatchi amanyeka. N'chifukwa chake ife amakaniko sitilola kuti munthu athamangire kukagula giyabokosi ina asanadziwe chimene chadwalitsa yoyambayo. Yatsopanoyo ikakumana ndi paipi yotsekeka yomweyo, nayonso sichedwa kupsa.

Yambani ndi woyendetsa

Kandimverere anakanena za m'maluwa. Mwini galimoto amangonena kuti "giya ikuvuta", koma amene amakhala pa chiongolero ndiye amadziwa nthawi yake. Mufunseni kuti vuto limabwera galimoto ili yozizira kapena itatentha, ili ndi katundu kapena ilibe, giya iti, ndipo linayamba pambuyo pa chiyani: kuoloka madzi, kutitimira m'matope, kusintha batire, kapena sevisi.

Ngati m'mawa ichedwa kugwira giya koma ikatentha iyenda bwino, ganizani za oyilo wochepa, fyuluta yotsekeka kapena timphira touma ta mkati. Ngati m'mawa inyamuka bwino koma pakatha mphindi 20 kapena 30 injini iyamba kulira galimoto osapita, oyilo wapyapyala ndi kutentha ndipo akuthawira m'malo otha, mphamvu yopanira makilatchi yatsika. Ngati R yokha ndiyo yafa, kawirikawiri ndi kilatchi ya R, ndipo chizolowezi cholowetsa R galimoto isanaime ndicho chimaidya. Ngati sikusuntha m'giya iliyonse, musanachite mantha onani kandodo ka 4WD. Kakakhala pa N, kapena pakati pa H ndi L, injini imalira bwinobwino koma galimoto siichoka pamalo. Onaninso ngati kebulo yochokera pa kandodo ka magiya sinamasuke kunsi.

Oyilo

Pamenepa ndi pofunika kudekha, chifukwa oyilo amaulula zambiri, koma anthu ambiri amamuyeza molakwika. Yendetsani galimoto mphindi 15 kapena 20 kuti atenthe. Imikani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, injini isiyeni ikulira. Mutaponda buleki, yendetsani kandodo m'magiya onse mukuima pang'ono pa iliyonse, kenaka bwererani pa P. Galimoto zambiri za Mitsubishi zimayezedwa zili pa N, choncho onani buku lake. Zulani dipstick (kachitsulo koyezera oyilo), pukutani ndi kansalu koyera kosathothoka ulusi, bwezerani mpaka pansi, zulaninso ndi kuwerenga pa mizere ya HOT. Mukayeza injini itazima, oyilo amaoneka wambiri kuposa mmene alili, chifukwa wa mu converter ndi m'mapaipi wabwerera pansi.

Pakati pa mzere wapansi ndi wapamwamba pamalowa pafupifupi theka la lita basi. Musathire lita yonse nthawi imodzi. Oyilo akachuluka, zitsulo zozungulira zimamumenya nachita thovu, ndipo wathovu sapana makilatchi komanso amatulukira pa kapaipi kopumira. Akachepa, pampu imayamwa mpweya, zotsatira zake n'zofanana.

Giyabokosi zambiri za masiku ano zilibe dipstick. Mwachitsanzo A750F ya magiya asanu, imene ili mu Prado ndi mu Hilux zina, imayezedwa pa kabawuti kosefukirira ka pa sampu (chibeseni cha pansi chosungira oyilo), injini ikulira, oyilo ali pa kutentha kolembedwa m'buku la galimotoyo. Mukatsegula atatentha kwambiri, wambiri amatayika ndipo giyabokosi imatsala yoperewera. Apa pamafunika kompyuta yoyezera kuti muone kutentha kwake.

Tsopano donthezani oyilo pa pepala loyera ndi kumununkhiza. Wofiira woonekera bwino ndi wamoyo. Wofiirira wopanda fungo ndi wotopa chabe, kusintha kumamukwanira. Mitundu ina ya oyilo wamakono imada msanga ikadali yabwino, choncho mphuno ndiyo imagamula kuposa maso. Wakuda wa fungo lopserera, wokhala ndi timinyenyeswa mukamufikisa pa zala, ndiye kuti makilatchi apsa kale. Woyezuka ngati tiyi wothira mkaka wambiri walowa madzi, ndipo galimoto isayendenso.

Madzi amalowera njira ziwiri. Yoyamba ndi rediyeta: mkati mwa thanki yake muli kachigawo kamene oyilo wa giyabokosi amadutsamo kuti azizire, ndipo kakabooka madzi ndi oyilo zimasakanikirana. Injini itazizira tsegulani chitsekerero cha rediyeta, mudzaona oyilo akuyandama pamwamba. Yachiwiri ndi kapaipi kopumira ka pamwamba pa giyabokosi. Nthawi ya dzinja, galimoto yotentha ikalowa m'madzi akuya, mpweya wa mkati umazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi kudzera pamenepo. Madzi amamatula mapepala a makilatchi pa zitsulo zake. Mukazindikira tsiku lomwelo n'kusintha rediyeta ndi oyilo kangapo, nthawi zina giyabokosi imapulumuka. Ikayenda masabata ili choncho, kuphwasula sikungalephereke.

Mtundu wa oyilo si nkhani ya masewera. Giyabokosi zakale za Toyota monga A340 zimafuna Dexron kapena T-IV malinga ndi chaka, zatsopano zimafuna WS. Mitsubishi zambiri zimafuna SP-III, Navara ya magiya asanu Matic J kapena Matic S, Ranger ya magiya asanu ndi imodzi Mercon LV. Kawirikawiri dzina limalembedwa pa dipstick penipeni. Oyilo wa CVT (mtundu wina wa otomatiki) salowa m'giyabokosi zimenezi, ndipo wa 80W-90 ndi wa difu. Oyilo wopungulidwa m'botolo la chakumwa, wosadziwika chidebe chimene wachokera, musamuthire ngakhale akhale wofiira bwanji.

Ngati oyilo wachepa, wapita kwinakwake. Tsukani kunsi, yendetsani pang'ono, yang'anani ndi tochi: gasiketi ya sampu, polumikizira mapaipi, kamphira ka kumbuyo kumene propshaft (chitsulo chachitali chopereka mphamvu ku matayala) imalowera, ndi pansi pamene giyabokosi imakumana ndi injini. Wofiira akamadontha pamenepo, ndi kamphira ka kutsogolo kwa pampu, ndipo kusintha kwake kumafuna kutsitsa giyabokosi. Pa galimoto za dzimbiri zija, gwirani mapaipi achitsulo opita ku rediyeta pamene pali zopanira. Amadyekera pansi pa chopanira, pamene diso silifika.

Njira yoziziritsira

Galimoto imene imayenda bwino mu Chipembere Highway koma imafooka pokwera kuchokera ku Chikwawa kudzera pa Thabwa, kapena imayatsa nyali ya A/T OIL TEMP yochenjeza kuti oyilo watentha kwambiri, vuto lake lifunidwe kaye ku zoziziritsa. Yang'anani pakati pa rediyeta ndi kondensa ya eyakoni. Pamadzaza matope ouma, udzu ndi majumbo, ndipo kutsogolo sizioneka. Nyali zowonjezera ndi zitsulo zotchingira kutsogolo zimachepetsanso mphepo. Fani ya viscous (yozunguzidwa ndi injini kudzera mu kakilatchi ka mafuta) ikatha imazungulira koma siikoka: injini itatentha, muizimitse ndi kukankha fani ndi dzanja. Ikazungulira momasuka kangapo, yatha.

Kuti mudziwe ngati oyilo akuyenda, masulani paipi yobwerera ku giyabokosi, ilowetseni m'chigubu choonekera, wina alize injini osaponda moto. Pa masekondi 20 payenera kutuluka pafupifupi lita imodzi, mosadukiza komanso mopanda thovu. Zimitsani pomwepo ndi kubwezera oyilo amene watuluka. Akamatuluka mongodontha, paipi yapindika kapena kachigawo ka mu rediyeta katsekeka ndi zinyenyeswa.

Kwa galimoto yosenza katundu tsiku ndi tsiku kapena yokoka ngolo, timalangiza kuika kula (karediyeta koziziritsa oyilo) yowonjezera kutsogolo kwa kondensa. Oyilo achoke ku giyabokosi, adutse mu rediyeta, alowe mu kula yatsopano, ndiye abwerere. Gwiritsani ntchito mapaipi opangidwira oyilo wa giyabokosi. Mapaipi a mafuta wamba amafewa ndi kutentha n'kuvuka panjira.

Magetsi ndi injini

Giyabokosi zambiri zimene zimaweruzidwa kuti zafa zimakhala zilibe mlandu. Kompyuta ikaona chosokonekera, imatsekera giyabokosi mu giya imodzi, kawirikawiri yachitatu, kuti iiteteze. Galimoto imanyamuka molemera, ndipo ikalowa D kapena R imagunda. Mukazimitsa n'kulizanso iyenda bwino kwa kanthawi. Izi zikamachitika, yambani ndi magetsi.

Injini ikulira, pa batire payenera kuoneka 13.5V mpaka 14.5V, ndipo pa malole a 24V kuwirikiza kawiri. Galimoto zokankha chipale zimavutika apa chifukwa pampu yonyamula chitsulo chija imakoka magetsi ambiri. Kuno zimene zimachita zomwezo ndi winchi, pampu yamagetsi yopendeketsa tipa, ndi nyali zolumikizidwa mwachisawawa. Tsukani mitu ya batire, onani waya wa ethi wochoka pa injini kupita ku chasisi, kenaka zulani pulagi yaikulu ya pa giyabokosi. Mukapezamo zobiriwira, madzi kapena oyilo, mwina vuto lonse lili pomwepo. Tsatirani mawaya pamene adutsa pafupi ndi ekizozi, ndipo galimoto ikakhala yogona pafupi ndi nkhokwe kapena pamsika, makoswe musawaiwale.

Kenaka ndi kompyuta yoyezera werengani makodi (manambala a mavuto amene kompyuta ya galimoto yasunga), ndipo muwalembe musanawafufute. P0700 imangonena kuti kompyuta ya giyabokosi ili ndi dandaulo, muyenera kulowa mkati kuti mupeze kodi yeniyeni. P0705 ndi switchi yodziwitsa giya imene mwasankha, ndipo ikavuta nyali za R siziyaka kapena galimoto imakana kulira pa P koma ilira pa N. P0715 ndi P0720 ndi masensa a liwiro, olowera ndi otulukira. P0750 ndi P0755 ndi ma solenoid osintha magiya, tizitseko tamagetsi totsegula ndi kutseka njira za oyilo. P0741 ndi kakilatchi ka mu converter. P0730 mpaka P0734 ndi zoopsa kwambiri, chifukwa zimatanthauza kuti liwiro lolowa ndi lotuluka sizikugwirizana, ndiye kuti china chikuterereka, ngakhale sensa yonama imathanso kuzibweretsa. Kodi ya solenoid sikutanthauza kuti solenoid yafa. Yezani ndi mita kuchokera pa pulagi: pa A340E ma solenoid osintha magiya amaonetsa ma ohm 11 mpaka 15. Ngati pa giyabokosi akuonetsa bwino koma kumbali ya kompyuta ayi, waya ndiye waduka.

Injini yofooka imanamiziranso giyabokosi. Fyuluta ya dizilo yotsekeka, sensa ya mpweya yakuda kapena mabuleki ogwira zimachititsa woyendetsa kuponda moto kwambiri, ndipo giya imachedwa kusintha. Pa Toyota zakale pali kebulo yochoka pa throttle (choonjezera moto pa injini) kupita ku giyabokosi. Kebulo imeneyi ndiyo imauza giyabokosi kuti ionjeze mphamvu ya oyilo mukaponda moto. Ikalendewera, makilatchi amapanidwa mofooka n'kupsa pang'onopang'ono. Ikakungika kwambiri, magiya amasintha mochedwa ndi mogunda. Timaiona itasiyidwa yomasuka pambuyo pa ntchito ya pampu ya dizilo, ndipo kuikonza kumatenga mphindi zisanu.

Kuyesa musanaphwasule

Oyilo, kuziziritsa ndi magetsi zikakhala bwino, yesani izi giyabokosi itatentha. Mutaponda buleki, chotsani pa N kupita pa D ndi kuwerenga nthawi mpaka mutamva kugwira. Pa A340 isapyole masekondi 1.2 kupita ku D ndi 1.5 kupita ku R. Bwerezani katatu, mukudikira mphindi imodzi pakati. Zonse ziwiri zikachedwa, mphamvu ya oyilo ndi yochepa: fyuluta, pampu kapena valve body (chigawo chogawa oyilo ku makilatchi). Imodzi yokha ikachedwa, ndi kilatchi ya mbali imeneyo.

Pamsewu, nyamukani ndi L, pitani pa 2, kenaka D, mukuyang'ana muvi wa liwiro la injini. Ukalumpha m'mwamba pakati pa magiya awiri galimoto osaonjeza liwiro, lembani kuti ndi pakati pa ati. Ngati galimoto imanjenjemera pa liwiro la 60 mpaka 80 mutaponda moto pang'ono, gusani buleki ndi phazi lamanzere osachotsa lamanja. Pa galimoto zambiri izi zimamasula kakilatchi ka mu converter. Kunjenjemera kukasiya, vuto lili pamenepo, ndipo nthawi zambiri oyilo watsopano wa mtundu woyenera amathetsa. Kukapitirira, yang'anani propshaft, matayala kapena injini.

Stall test, yoyesa liwiro limene injini imafika mutaponda moto galimoto ili m'giya osasuntha, ndi yothandiza koma imawotcha, choncho isachitike pa oyilo wopsa kale. Tsamizani matayala onse, kutsogolo ndi kumbuyo kusakhale munthu, kokani handibuleki, pondani buleki mwamphamvu, lowetsani D, pondani moto mpaka pansi, werengani muvi n'kusiya. Musapyole masekondi asanu. Bwererani pa N, injini ilire mphindi ziwiri kuti oyilo azizire, ndiye muyese R. Yerekezani ndi nambala ya m'buku la galimotoyo. Ikakwera kuposa ya m'buku pa D yokha kapena R yokha, kilatchi ya mbaliyo ikuterereka. Ikakwera pa zonse ziwiri, mphamvu ya oyilo ndi yochepa. Ikatsika, injini ndi yofooka kapena converter yawonongeka mkati. Makaniko amene ali ndi geji amamanga pa kabowo koyezera ka m'mbali mwa giyabokosi n'kuwerenga mphamvu ya oyilo pa D ndi pa R, ndipo kuyeza kumeneku n'kodalirika kuposa zonsezi.

Chomaliza musanatsitse giyabokosi ndi kutsegula sampu. Pa maginito a pansi pamakhala tiphulusa totuwa tosalala, timeneto n'tachibadwa. Timapepala takuda tambiri ndi makilatchi. Tonyezimira ta golide ndi mabushi kapena mawasha amkuwa. Tizidutswa tachitsulo tobaya zala ndi mabeyaling'i kapena mano a magiya, ndipo apa kusintha oyilo n'kutaya ndalama. Sampu ikakhala yoyera, sinthani fyuluta pamodzi ndi kamphira ka pakhosi pake. Kamphira kakale kakatsalira m'bowo, kapena katsopano kakapanda kukhala bwino, pampu imayamwa mpweya. Mabawuti a sampu mumange mosinthanasinthana mbali komanso mopepuka, chifukwa mukakungitsa gasiketi imafinyika n'kuyamba kudontha. Silikoni wambiri amathothokera mkati n'kutseka timabowo ta valve body.

Pali mawu ofala akuti oyilo wa otomatiki sasinthidwa, ukasintha giya imafa. Chimene chimachitika n'chakuti anthu amasintha giyabokosi itayamba kale kuterereka, ndipo ikamalizika amaloza oyilo watsopano. Kukhetsa pa sampu kumachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, wotsalayo amakhala mu converter. Choncho pa galimoto imene yakhalitsa osasintha, khetsani ndi kuthira katatu, mukuyenda makilomita mazana angapo pakati, m'malo mopopa ndi makina mwamphamvu. Pa ntchito yolemetsa ya kuno, ife timalangiza kusintha pa makilomita 40,000 aliwonse, ngakhale zitalembedwa kuti oyiloyo safuna kusintha.

Ikafika posintha giyabokosi

Yogula kale iyenera kufanana nambala ya pa kachitsulo ka m'mbali, mapulagi ndi masensa. Kufanana maonekedwe sikokwanira, chifukwa ya injini ya petulo ndi ya dizilo zimasiyana converter ndi valve body. Tsegulani sampu yake musanalipire. Mapaipi ndi kula zitsukidwe mbali zonse ziwiri, ndipo ngati yakaleyo inatulutsa zitsulo, rediyeta isinthidwe, converter yakale isabwerere. Pomanga, converter ilowe kaye mu giyabokosi, mukuizunguza ndi kukankha mpaka itatsika masitepe ake onse. Giyabokosi ikakana kukumana ndi injini, musaikoke ndi mabawuti: converter sinalowe, ndipo mukakakamiza pampu imasweka injini isanalire n'komwe. Yang'ananinso flexplate (chimbale chachitsulo cholumikiza injini ndi converter) ngati ilibe ming'alu mozungulira mabawuti. Ikang'aluka imagogoda ngati injini yaphwanya, makamaka pa P.

Woyendetsa naye auzidwe zochita, apo ayi galimoto ibweranso. Aime kotheratu asanachoke pa D kupita pa R. Pachitunda agwire galimoto ndi buleki, asamaigwire ndi moto. Ndi katundu, giya ikamangosinthasintha pokwera, azimitse O/D (batani la giya yomaliza) kapena asankhe 2, ndipo potsika atsike ndi giya yomweyo. Pa puloti, m'dambo kapena kumtsinje kotapa mchenga alowetse 4L (giya yamphamvu ya 4WD), chifukwa pamenepo converter siivutika kwambiri, koma aichotse asanakwere pa tala. Ikatitimira, akumbe ndi kuika miyala kapena matabwa, chifukwa kugwedeza pakati pa D ndi R kwa mphindi khumi kumatha kupsereza giyabokosi yabwinobwino. Ikafera panjira, otomatiki siilira mokankha, ndipo siikokedwa mtunda wautali matayala oyendetsa ali pansi, chifukwa injini ikazima pampu imaima ndipo zamkati zimazungulira zouma. Ngati lole yonyamula palibe, masulani propshaft ku difu, ikani chizindikiro cha mmene inakhalira kuti idzabwerere momwemo, ndipo muimangirire ku chasisi ndi waya wolimba musanayambe kukoka.